Uchi wa a Golide ndi Mizere Yofiira

M'galaja ya a Golide simunagonepo galimoto chimangireni. Mukakankha chitseko chake chachitsulo, chimayamba kukulandirani ndi fungo la uchi, lolemera ngati bulangete. Kenako mumaona zidebe zoyera zosanjikizana mpaka kudenga, nsalu zosefera zoyanikidwa pa chingwe, ndi njuchi zingapo zimene zalondola katundu wawo kudzafunsa mlandu. Pakona pali tebulo, ndipo patebulopo pali laputopu ya makiyi omata, chifukwa mwini wake saona chifukwa chosambira m'manja pochoka pa chidebe kupita pa kompyuta.

Ine ndayenda, abale anga. Ndalawa uchi m'mahotela momwe supuni imabwera itakulungidwa ngati khanda, ndalawa wa kumapiri ozizira ndi wa kuzipululu. Ndikakuuzani kuti wa a Golide ulibe unzake, dziwani kuti likunena ndi lilime loyenda. Nkhaniyi ndikuidziwa bwino chifukwa mabotolo awo onse amagula kwa ine, ine amene ndinayamba ndi kutola mabotolo m'ngalande koma lero ndimaitanitsa kontena yathunthu.

Dzina loti Golide anawapatsa ndi anzawo, poona kuti wotchi, magalasi, ngakhale geti la panyumba pawo, zonse zinali za mtundu umenewo. Anali munthu wa mutu wakuthwa ndi manja osatopa. Kukhoma ming'oma ya njuchi anadziphunzitsa okha, kusefa uchi okha, kuyendetsa galimoto okha. Chilema chawo chinali chimodzi: kufunsa ankakuona ngati kuvula malaya pamsika.

Kwa zaka zambiri ankagulitsa uchi wawo m'maofesi, chikwama paphewa, kukwera ndi kutsika masitepe mpaka nsapato kuseka. Tsiku lina manijala wa supamaketi yaikulu analawa uchiwo, n'kunyambita supuni mbali zonse ziwiri.

"Ndikupatsani shelefu imodzi, ija imayang'anana ndi maso a ogula," anatero manijala. "Koma botolo lililonse likhale ndi lebulo labwino ndi bakhodi, timizere tija timene makina a polipirira amawerenga n'kulira. Nambala yake nayi. Uchi ukayenda bwino, shelefu ndi yanu. Ukavuta, alipo ambiri amene akuilirira."

A Golide anafika kunyumba mapazi osagunda pansi. Akazi awo, amene ndiwo ankasefa ndi kuthira uchi m'mabotolo, analulutira mpaka agalu a kwa aneba kuyankha. Chimwemwe chitatsika pang'ono, mayiwo anati, "Abambo, nanga za malebulozo bwanji osapita kwa achemwali? Si ntchito yawo imeneyo?"

Nkhope ya a Golide inachita mdima ngati kukubwera mvula. Achemwali a akazi awo anali ndi shopu yosindikizira malebulo, maenvelopu ndi makadi a ukwati, ndipo ntchitoyo ankaidziwa ngati chikhatho chawo. Koma kalekale, a Golide akufunsira mbeta, mayi ameneyu anaseka pagulu n'kunena kuti, "Munthu wa njuchiyu adzamudyetsa mbola mng'ono wanga." Onse amene analipo anaseka n'kuiwala. A Golide anaseka nawo, koma mawuwo anawasunga mumtima ngati mbola yothyokera m'khungu.

"Alamu angawo akhale ndi makina awo," anayankha. "Njuchi ndinazigonjetsa ndekha. Ndilephere kapepala?"

M'mawa mwake anagula pulogalamu ya pakompyuta yopangira malebulo, pulinta ya mitundu, ndi mapepala omata. Ndipo kunena zoona, pulogalamuyo inali yokoma kugwiritsa ntchito. Umasankha kukula kwa lebulo, umakokera chithunzi pomwe ukufuna, umalemba nambala, ndipo timizere timatulukira tokha ngati matsenga. A Golide anakhala pa tebulo lija ngati mwana amene wapatsidwa njinga. Anapanga lebulo la golide, pakati pake njuchi yotambasula mapiko, dzina la uchi litalembedwa ndi zilembo zofiira zopindikapindika. Ine ndaona malebulo m'masitolo a mayiko ambiri, ndipo ndikunenetsa, ili likanaima nawo popanda manyazi.

Chinawakhumudwitsa ndi bakhodi. Inabwera yakuda pa kabokosi koyera, ili ndi manambala kunsi, n'kukhala pa lebulo lokongolalo ngati chigamba pa suti ya mkwati.

"Chonyansa ichi pa uchi wanga? Ayi."

Anafufuza m'pulogalamu muja mpaka anapeza posinthira mitundu. Kabokosi koyera anakachotsa, mizere anaisandutsa yofiira kuti igwirizane ndi zilembo. Pomwepo pa kompyuta panatumphuka kauthenga kochenjeza kuti mitundu imeneyi makina ena sangaiwerenge. A Golide anakatseka ngati akuthamangitsa ntchentche. Manambala a kunsi aja nawonso anawaona kuti akuipitsa, n'kuwachotsa. Anasindikiza lebulo limodzi, analimata pa botolo, n'kulilozetsa kamera ya foni yawo. Foni inawerenga nambala yonse bwinobwino.

"Amayi, bwerani mudzaone! Akuti chiyani tsopano a kompyutawa?"

Mkati mwa sabata imeneyo alamu aja anadutsa panyumbapo kudzaona mng'ono wawo. Anasuzumira m'galaja, koma a Golide anafulumira kuphimba mabotolo ndi nsalu yosefera.

"Amuna anga aang'ono, ndamva kuti mwandilanda ntchito," anatero alamuwo akuseka. "Palibe mlandu. Koma tandipatsani botolo limodzi ndikaliyese ku shopu. Ndili ndi kamakina kofanana ndi ka m'masitolo."

"Layesedwa kale, alamu. Foni yanga yawerenga."

"Foni ndi foni, alamu."

"Ndipo uchi ndi wanga."

Alamuwo anayang'ana mng'ono wawo, mng'ono wawo anayang'ana kudenga, nkhani n'kuthera pomwepo.

Akanalekera pamenepo, mwina manyazi akanakhala a m'nyumba. Koma pulogalamu ija inkathanso kusindikiza maadiresi pa maenvelopu, ndipo a Golide atazindikira zimenezi, mtima sunawalole kuti luso lotere ligone. Analowetsamo mayina a abale, a anzawo a kumpingo, a m'maofesi onse amene ankawagula uchi, ndipo pulinta inalavula maenvelopu a zilembo za golide, aliyense yakeyake. M'kati munali kakhadi koitana anthu kuti Loweruka adzaone uchi wa a Golide uli pa shelefu. Ine ndinalandira yanga. Alamu aja nawonso analandira yawo, ndipo adiresi ya shopu yawo inalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuposa za wina aliyense.

Loweruka linafika, anthu anabweradi. Amalume awo a a Golide anavala jekete ngakhale kunkatentha, amayi a kumpingo anabwera m'gulu, ndipo mwini uchi anaima pambali pa shelefu, tayi ya golide pakhosi, akupereka moni ngati mwini ukwati. Mabotolo ankawala pansi pa magetsi a m'sitolo moti ngakhale anthu odutsa ankaima. Mayi wina wachilendo, wosaitanidwa n'komwe, ananyamula mabotolo awiri n'kulunjika polipirira. Gulu lonse linamutsatira ndi maso.

Mtsikana wa polipirira anadutsitsa buledi, makina analira. Anadutsitsa sopo, analira. Anadutsitsa uchi, zii. Anabwereza, zii. Anapukuta botolo pa malaya ake, analitembenuza, analiyandikitsa, analitalikitsa. Kuwala kofiira kwa makinawo kunkangoseweretsa pa lebulo ngati sikukuona kanthu.

"Palibe vuto, ndingolemba nambala ndi manja," anatero mtsikanayo, akuzunguza botolo. "Koma nambala yake ili pati?"

Nambala inali itatsala m'galaja. Mzere wa anthu unayamba kutalika, ndipo bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Kodi tikugula, kapena tikuonera filimu?"

"Usiye, mwanangu, ndidzagula tsiku lina," anatero mayi uja, n'kusiya mabotolo onse awiri.

Zomwezo zinachitika polipirira pachiwiri, pachitatu, ponseponse. Abale oitanidwa aja, pofuna kuthandiza, aliyense ananyamula botolo lake, ndipo anangokulitsa chipwirikiti. Pasanapite nthawi, pambali pa makina alionse panali mulu wa uchi wokanidwa. Manijala anatuluka mu ofesi, nkhope ili gwa.

"Bwana, makina anuwa ndi okalamba," anatero a Golide, akutulutsa foni. "Taonani, yanga ikuwerenga."

"Bambo, makina angawa awerenga mkaka, awerenga machesi, awerenga mankhwala a nsapato. Akana uchi wanu wokha. Kodi ndiike foni yanu polipirira paliponse?" Anapumira m'mwamba, kenako anatsitsa mawu. "Uchi wanu ndi wabwino, n'chifukwa chake sindikukuthamangitsani lero. Chotsani wonse. Lolemba tikamatsegula, ubwere ukulira pa makina. Ukapanda kutero, shelefu ndipereka kwa wina."

Abale anabalalika mwakachetechete ngati anthu ochoka pamaliro. Alamu aja anatenga botolo limodzi, analitembenuza, anayang'ana mizere yofiira ija kamodzi kokha, n'kulibwezera m'katoni. Anangovula nsapato zawo zazitali n'kuyamba kuthandiza kunyamula makatoni kupita nawo ku galimoto. A Golide amanena mpaka lero kuti akanawatukwana zikanawawa pang'ono kusiyana ndi kukhala chete kumeneko.

Kunyumba anakhalanso pa laputopu. Anadetsa kufiira kuja pang'ono, anakulitsa mizere, anaichepetsanso. Chilichonse chimene anasindikiza, foni inawerenga mosangalala, monga inawerengera poyamba paja. Apa m'pamene anazindikira kuti mboni yawo inali yovomera zilizonse, ndipo kuti makina okhawo onena zoona amene akanawafikira Lolemba lisanakwane anali ku shopu kwa alamu awo.

"Amayi," anayamba motsitsa, "bwanji muwaimbire achemwali anu?"

Akazi awo anapitiriza kupukuta chidebe. "Abambo, ine ndakuseferani uchi mpaka manja awa achita makwinya. Njuchi zandiluma, sindinadandaule. Chilichonse ndikuchitirani. Koma kukufunsirani, ayi. Pakamwa muli napo, ndipo lero lomwe pamalankhula bwino kwambiri."

Lamulungu masana, alamu aja akuchokera kutchalitchi, analandira uthenga woti pakhomo pa shopu yawo pakhala munthu chiyambire m'mawa. Atafika anapeza a Golide atakhala pa sitepe, opanda tayi, botolo la uchi lili m'manja.

"Alamu, mwasochera? Kuno kulibe maluwa."

"Ndabwera kudza..." A Golide anatembenuza botolo lija m'manja. "Kudzakuonani."

"Mwandiona. Ndili bwino. Mukapereke moni kunyumba." Anatembenuka ngati akupita.

"Ndabwera kudzafunsa."

"Mwati bwanji? Khutu ili linagontha ndi phokoso la makina."

"Kudzafunsa, alamu! Chalakwika n'chiyani pa botolo langali?"

Mayiwo anaseka mpaka kugwira chitseko, koma kunali kuseka kopanda mano akuthwa. Anatsegula shopu, anayatsa magetsi, n'kutenga kapulasitiki kofiira koonekera, kaja amakutira mabuku. Anakaika pamwamba pa lebulo.

"Tayang'anani ndi diso la makina. Mukuona chiyani?"

A Golide anasuzumira. Golide ndi kufiira zinali zitasungunukira pamodzi, mizere yonse itasowa ngati mapazi a munthu pamadzi.

"Makina a m'sitolo muja amaunika ndi kuwala kofiira," anafotokoza alamuwo. "Chinthu chofiira, kwa iwo, chili ngati pepala losalembapo. Foni yanu imaona mitundu yonse ngati munthu, n'chifukwa chake imakuvomerani. Mizere imafuna kuda, ndipo kumbuyo kwake kuyere. Manambala a kunsi aja si zokongoletsa, ndi ndodo ya wolandira ndalama makina akapunthwa."

A Golide anagwira kumutu. "Ndiye malebulo onse aja ndimatule?"

"Mumatulirenji? Lebulo limeneli ndi lokongola, alamu. Ine ndakhala pa ntchitoyi mpaka imvi, koma njuchi yotere sindikanaijambula. Tingolipatsa maso basi."

Anatsegula pulogalamu yawo, yofanana ndithu ndi ya a Golide, n'kupanga kasitika koyera ka mizere yakuda, manambala ali kunsi, m'mbali atasiya mpata woyera. Anakamata pa mizere yofiira ija moimika, kuti kupindika kwa botolo kusasokoneze. Kenako anapereka kamakina kawo m'manja mwa a Golide.

"Dinani nokha."

Tii!

Ine ndamvapo magulu a zoimbaimba m'maholo akuluakulu, koma a Golide amalumbira kuti nyimbo yokoma ngati imeneyo sinaimbidwepo pa dziko lapansi. Anadina kachiwiri, kachitatu, mpaka alamuwo anawalanda.

Pulinta ya m'shopu inayamba kulavula timasitika pa mpukutu wautali, ndipo dzuwa lisanalowe onse anali m'galaja muja. Akazi awo a a Golide ankatulutsa mabotolo m'makatoni n'kuwapukuta, alamu ankamata, akadali ndi zovala za kutchalitchi, ndipo a Golide ankayesa botolo lililonse pa kamakina asanalibwezere. Galaja yonse inkangoti tii, tii, ngati mwadzaza anapiye.

Ntchito ili pakati, a Golide anatsokomola. "Alamu, paja munati ndidzamudyetsa mbola mng'ono wanu."

Mayiwo anaima, kasitika kali pa chala. "Ine? Liti?"

"Tsiku lija ndinabwera kudzaonekera."

"Mayo ine! Mawu amenewo mwawasunga mpaka lero? Inetu ndinawaiwala ndisanatsuke n'komwe makapu a tsiku limenelo. Mufunseni mkazi wanuyu kuti mu tiyi wanga ndimathira chiyani m'mawa uliwonse."

Akazi awo anayang'ananso kudenga. "Botolo limodzi pa mwezi silimaoneka, abambo."

"Ndiye wakuba uja ndinkamusaka ndi inu?"

Anaseka onse atatu mpaka njuchi zimene zinali pa nsalu zinauluka. Mbola ija, imene inakhala m'khungu zaka zonsezo, inatuluka yokha popanda wofinya. Pomaliza a Golide anafunsa kuti athokoze ndi chiyani, ndipo alamuwo anati, "Botolo loyamba kulira mawa likhale langa. Ndipo ndigula ndekha, musandichititse manyazi."

Lolemba m'mawa, zitseko za supamaketi zikutsegulidwa, uchi unali utabwerera pa shelefu. Panalibe maenvelopu ulendo uno, panalibe tayi. Alamu ananyamula botolo lawo n'kupita kwa mtsikana yemwe uja, amene atangoliona anayamba kupukusa mutu. Manijala anaima chapatali, manja atapinda pachifuwa. A Golide anatseka maso.

Tii!

Mtsikanayo anadumpha ngati walumidwa, kenako anaomba m'manja. Manijala anangogwedeza mutu n'kubwerera mu ofesi, ndipo kugwedeza kumeneko kunali kusaina. A Golide, bambo wamkulu wa ndevu zake, anagwira dzanja la alamu awo ndi manja awiri pakati pa sitolo, n'kugwada pang'ono.

"Zikomo, alamu. Mwandivula chisoni."

"Dzukani, amuna anga aang'ono, anthu ayesa mukundifunsira."

Shelefu ija idakali ya a Golide mpaka lero, ndipo yabala ina m'masitolo ena. Ine ndikuthokoza nawo, chifukwa uchi ukamayenda mabotolo anganso amayenda, ndipo m'maiko onse amene ndapondamo sindinaone chuma choposa m'bale amene amakutsegulira shopu pa tsiku lake lopuma, osakuwerengera mawu ako a dzana. Pulogalamu ija a Golide akuigwiritsabe ntchito, ndipo malebulo awo akukongolerakongolera. Koma kauthenga kochenjeza kakatumphuka amakawerenga mpaka kumapeto, ndipo lebulo latsopano lililonse limayamba lapita ku shopu kwa alamu, limodzi ndi botolo la mu tiyi, limene tsopano limatuluka pa geti masana, osabisa.

Akamaifotokoza nkhaniyi amaseka okha. Amati munthu amene moyo wake wonse wakhala akulekanitsa uchi ndi phula ndi yemwe anakatafuna phulalo pamaso pa alendo amene anawaitana yekha, ndipo pakanapanda alamu, akanalimeza. Akuluakulu sananame pamene anati: safunsa anadya phula.